Matabuleti Makumi Awiri Opanda Banga

Ukachoka ku Mtakataka kulowera ku Golomoti, pali kamsewu ka ngolo kamene kamasiya tala n'kutsetsereka kumunsi, kudutsa m'minda ya thonje. Kumapeto kwa kamsewuko kuli sukulu ya pulayimale, ndipo pasukulupo pankaphunzitsa masamu a Benedict Kamphinda. Anali munthu wokulira kumishoni, wa malaya oyera osita ndi simbi ya makala, woti choko chikatsala ngati njere ya nyemba ankachisungabe m'kabotolo. Ana ankawakonda chifukwa masamu awo sanali a chikwapu. Kugawa ankaphunzitsa ndi milu ya usipa, kuchulukitsa ndi mizere ya m'munda. Zinali zitatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito.

Koma munthu aliyense ali ndi chilonda chake, ndipo cha a Kamphinda chinali wailesi. Zaka zambiri m'mbuyomo sukuluyi inalandira wailesi yopukusa, yoti ana azimverera maphunziro. A Kamphinda, mwa chimwemwe, analola mwana aliyense kupukusa. Sabata yachiwiri chogwirira chinathyoka. Mkulu wina woyendera sukulu atabwera anawaimika pamaso pa ana ndi makolo n'kunena kuti, "Anthu a kumunsi kuno simudziwa kusamala zinthu. N'chifukwa chake sitikupatsani kanthu." Mkuluyo anaiwala mawu akewo asanafike n'kutala komwe. A Kamphinda anayenda nawo zaka khumi ndi zisanu.

Ndiye chaka china, mvula ili pakati, bungwe lina linasankha sukuluyi kuti ilandire matabuleti makumi awiri, bokosi lachitsulo losungiramo, ndi sola yotchajira. Cholinga chinali chakuti ana aphunzire kulamula kompyuta, zimene achinyamata a bungwelo ankati kodingi. A Kamphinda anaitanidwa ku Salima kukaphunzira masiku atatu. Anapita monyinyirika, poganiza kuti ndi zoseweretsa za ana a m'tauni. Koma pagalasi la tabuleti panali kambuzi koyenera kufika pamsipu, ndipo sikankasuntha pokhapokha munthu atakasanjira malamulo molondola: patsogolo kawiri, tembenukira kumanja, patsogolo katatu. Kambuziko katafika pamsipu koyamba, bambo wa imvi uja anaseka mpaka anzake kutembenuka. Moyo wawo wonse ankauza ana kuti masamu ali ndi ntchito, koma aka kanali koyamba kuona masamu akuyenda ndi miyendo.

Tsiku lomaliza, mtsikana wa bungwelo dzina lake Aida anafotokoza mosabisa. "Anawa azigwiritsa ntchito makinawa, ndipo muwasamale. Pakatha chaka tidzabwera. Kumene zikuyenda bwino tidzawasiya mpaka kalekale. Kumene sizikuyenda tidzatenga n'kukapereka kwina, chifukwa sukulu zodikira n'zambiri."

A Kamphinda anamva zonse ziwiri, kugwiritsa ntchito ndi kusamala. Koma ali m'minibasi, atapanikizana ndi madengu a nsomba, anasanja nkhaniyo mwa masamu awo. Chaka chimodzi n'chachifupi, kalekale ngwamtali. Alendo akadzapeza galasi limodzi losweka, adzatenga zonse, ndipo mawu a mkulu uja adzakhala oona. Akadzapeza zonse zili zatsopano, adzasiya, ndiyeno ana adzagwira mpaka zala kutopa. Pofika pa Mtakataka n'kuti ataweruza kale, ndipo kiyi wa bokosi anamumangirira pachingwe chimodzi ndi mendulo ya m'khosi.

Musaganize kuti anali waulesi kapena womana. Ayi ndithu. Palibe mphunzitsi m'dera lonselo amene anakhetsa thukuta pa kodingi ngati iwo. Anapempha makatoni a sopo m'magolosale, n'kuwadula msinkhu weniweni wa tabuleti. Pa katoni iliyonse anajambula galasi, mabatani, ndi kambuzi komwe. Ana makumi anayi a Sitandade 7 analandira aliyense yakeyake. Pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi anajambula mabokosi ndi phulusa, mizere isanu ndi itatu uku ndi uku. Mwana mmodzi ankamangidwa nsalu kumaso n'kukhala mbuzi, anzake n'kumamulembera malamulo. Akalakwitsa lamulo limodzi, mbuzi inkakagunda chidebe, ndipo kuseka kwake kunkamveka mpaka kumjigo. Ana amene ankathawa masamu anayamba kutsalira ataweruka.

Lachisanu lililonse ndiye linali tsiku lalikulu. A Kamphinda ankatsegula bokosi, n'kutulutsa tabuleti imodzi, ikadali ndi kapulasitiki kake ka kufakitale. Ana ankasamba m'manja, ngakhale sankagwira kanthu, n'kuima kuseri kwa mzere wa phulusa manja ali kumbuyo. Iwo ankainyamula m'mwamba ndi manja awiri, n'kuyendetsa kambuzi motsatira malamulo amene anawo ankatchula. Mwana akasendera, ankangomuyang'ana, iye n'kubwerera yekha. Pomaliza ankaipukuta ndi kansalu kofewa kamene kankakhala m'thumba la malaya.

Pagulu limenelo panali mtsikana wina, Upile, wa maso akuluakulu, wosayankhula kawirikawiri. Amayi ake ankaluka mikeka ya mlaza n'kumagulitsa m'mbali mwa tala. Tsiku lina a Kamphinda anauza ana kuti alembe malamulo oyendetsa mbuzi kuzungulira bwalo lonse la phulusa. Anzake anadzaza tsamba. Upile analemba mizere itatu yokha.

"Iwe, watopa kale?" anafunsa a Kamphinda.

"Ayi, aphunzitsi. Ndatha."

A Kamphinda anatenga kope lake. Panali palembedwa kuti: patsogolo kasanu ndi kawiri, tembenukira kumanja, bwereza kanayi. Iwo anali asanaphunzitse za kubwereza. Ngakhale ku Salima anazifika tsiku lachitatu.

"Wakuonetsa ndani zimenezi?"

"Palibe. Amayi akamandiphunzitsa kuluka sanena chilichonse kambirimbiri. Amangoti, awiri pamwamba, mmodzi pansi, uzingobwereza mpaka kumapeto."

A Kamphinda anawerenganso mizere itatu ija. Pa zaka zawo zonse za uphunzitsi, mwana wotere anali asanamuonepo. Anamuuza pamaso pa anzake kuti tsiku lotsegulira makina, woyamba kugwira adzakhala iye.

"Liti, aphunzitsi?"

"Mvula ikatha. Panopa chinyezi chachuluka, makina sagwirizana ndi madzi."

Mvula inatha. Kunabwera mwera, ndipo fumbi linkalowa ngakhale m'mano. A Kamphinda anati fumbi ndi mdani wa makina. Kenaka kunabwera mayeso, kenaka tchuthi. Sukulu itatsegulidwa, ana aja ali Sitandade 8, kunabwera kutentha kwa kuno kumene ngakhale mbuzi zenizeni zimakana kutuluka pamthunzi, ndipo manja a ana ankachita thukuta. Kutentha kusanathe mango anapsa. Amene anaonapo manja a mwana wa kuno nyengo ya mango sangawadzudzule kwenikweni aphunzitsiwo. Nthawi iliyonse Upile ankafunsa funso lake lomwelo, ndipo nthawi iliyonse yankho linali lomveka. Mango atayamba kutha, anasiya kufunsa.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawatsina khutu, mkazi wawo a Gertrude, amene anagwirapo ntchito ya unamwino asanapume. Lamulungu lina atabwera ku Misa, a Kamphinda anali pakhonde kujambulanso makatoni ofufutika. A Gertrude anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Bambo, makatoni omwewa? Nanga zenizenizo mukusungira angelo?"

"Simukumvetsa, mayi. Alendo akabwera n'kuona, basi, zikhala zathu."

"Ndikufunseni. Mbale zija anatipatsa asisiteri pa ukwati wathu, mwadyerapo kangati?"

"Zija n'za alendo."

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi zili m'kabati. Mlendo woyenera sanafikebe. Ana athu akula, achoka, osadziwa kulemera kwake. Ine ndinakulolani chifukwa ndi mbale. Koma awa ndi ana a eni."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Kamphinda osadzutsa mutu.

"Zengerezu naye anali wodekha," anayankha a Gertrude, n'kulowa m'nyumba.

Mawuwo anawakhala pamtima masiku angapo. Lachisanu lotsatira anafika mpaka potulutsa matabuleti asanu n'kuwayala patebulo. Koma pawindo anaona ana awiri akulimbirana chidebe, wina n'kugwa nacho. M'makutu mwawo munamveka kuthyoka kwa chogwirira chija. Anabweza anayi m'bokosi.

Alendo anafika mu Febuluwale, Lachiwiri m'mawa, galimoto itapakika matope mpaka pazitseko. Sukulu inali itakonzeka ngati kukubwera abishopu. Ana anasesa, anapaka miyala laimu, anaimba nyimbo yolonjera. M'kalasi a Kamphinda anayala nsalu yoyera ya a Gertrude patebulo, n'kundandalika matabuleti onse makumi awiri, mizere inayi, iliyonse ya matabuletiwo ili ndi kapulasitiki kake, akunyezimira. Anaima pambali, chifuwa chili patsogolo. Tsiku limeneli analiyembekezera zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Aida analowa akumwetulira, koma ataona tebulolo kumwetulirako kunachepa. Anatenga tabuleti imodzi, kuyatsa, kudina apa ndi apo, kulemba m'kope. Anatenga yachiwiri, yachitatu. Atafika pa yachikhumi anasiya kulemba, koma anapitirizabe mpaka yomaliza.

"Bambo Kamphinda," anatero motsitsa mawu, "makinawa amadziwerengera okha nthawi imene agwira ntchito. Iyi ili ndi maola khumi ndi atatu. Zina zonsezi zilibe ngakhale ola limodzi."

"N'zoona, mayi. Tinkasamala. Onani, palibe ndi kachikanda komwe."

"Ndaona. Sukulu zonse ndayendamo, sindinaone makina osamalika chonchi. Kumene tinali dzulo, atatu ndi osweka magalasi, ina inagwera m'ndowa ya phala." Anabweza tabuletiyo patebulo. "Koma kumeneko tawasiyira, chifukwa iliyonse ili ndi maola mazanamazana. Galasi timasintha, bambo. Chaka cha mwana sitingasinthe."

A Kamphinda anayang'ana kwa ahedi a sukuluyo. Ahedi, amene chaka chonse ankawayamikira pamisonkhano ya makolo, anayamba kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

"Mayi, chonde," anatero a Kamphinda. "Anawa akudziwa. Tulukani muone. Mphindi khumi zokha."

Anatuluka kupita pansi pa mango. Kunena zoona, ana aja anachita zodabwitsa. Mbuzi yomangidwa kumaso inazemba zidebe, inabwerera, inafika pamsipu. Aida anaika mwala pakati pa njira kuti awayese. Upile anangoyang'ana kamodzi n'kuwonjezera lamulo lakuti ngati kutsogolo kuli chinthu, tembenukira kumanzere. Aida anagwira pakamwa.

"Izi kusukulu zina sanafikepo," anatero. Anaganiza pang'ono, n'kutulutsa foni. "Abwana anga amakhulupirira manambala, ndipo manambala anu ndi oipa. Koma ndikawaonetsa kanema wa mwana uyu akuchita zimenezi pa tabuleti yeniyeni, mwina akupatsani chaka china. Sindikulonjeza. Tiyeni tiyese."

Anabwerera m'kalasi, ana onse ataunjikana m'mawindo. Upile anayamba wapita pachidebe kukasamba m'manja, n'kupukuta pa yunifolomu, n'kuyang'ana zikhatho zake uku ndi uku. Aida anamatula kapulasitiki ka tabuleti imodzi. Kaphokoso kake kanawalasa a Kamphinda ngati munga. Aida anayatsa, kambuzi kanaoneka, ndipo anatambasula dzanja.

"Tenga, mchemwali wanga."

Manja a Upile anapita kumbuyo okha.

"Tenga, usaope. Ndi yako."

Mtsikanayo sanayang'ane tabuleti. Anayang'ana aphunzitsi ake.

"Gwira, Upile," anatero a Kamphinda. Chaka chathunthu mawu amenewa anali asanatulukepo pakamwa pawo.

Upile analandira ndi manja awiri, atagwira m'mphepete mwenimweni, mawondo atapinda pang'ono. Aida anakweza foni n'kuyamba kujambula.

"Chabwino. Kambuzi kafike pamsipu. Ukauza chiyani?"

"Patsogolo kawiri, kumanja, bwereza katatu," anayankha msangamsanga.

"Ndi zomwezo. Tsopano sanja ndi chala. Dina apa, ukoke."

Upile anaika tabuleti patebulo n'kutulutsa chala. Chalacho chinaima m'mwamba, pafupi ndi galasi. Anachitsitsa mpaka kukhudza ndi nsonga ya chikhadabo, mopepuka kwambiri, ndipo palibe chinachitika. Anayesanso, osachitikabe kanthu. Pakatoni yake chala chinkathamanga, koma apa chinkabwerera chokha ngati chakhudza mphika wa pamoto. Wina pawindo anaseka. Mtsikanayo anawerama kwambiri kuti abise nkhope, ndipo dontho la msozi linagwera pagalasi, pamwamba penipeni pa kambuzi.

Zimene zinachitika kenaka a Kamphinda sanaziganize. Anangozindikira tabuleti ili m'manja mwawo, atailanda pamaso pa mwanayo, kansalu kaja kali kale pagalasi, akupukuta mofulumira, pakamwa pakutuluka mawu akuti, "Madzi! Madzi ayi!"

Atadzutsa mutu anapeza Upile ataimirira kukhoma, manja ali kumbuyo. Aida anali atatsitsa foni.

"Pepani, aphunzitsi," anatero Upile. "Sindinachitire dala."

Palibe amene anawakalipira. Bwenzi zili bwino akanawakalipira monga anachitira mkulu uja, chifukwa munthu wokalipiridwa amapeza pokwiyira. Aida anangowagwira pamkono mwaulemu, n'kunena kuti akayesetsabe kuwayankhulira, koma maso ake ankanena zina. Dalaivala anakwera padenga kumasula sola. A Kamphinda analongedza okha matabuleti m'bokosi, imodzi imodzi, chifukwa sanafune kuti wina awagunditse. Kiyi anavuta kumasuka pachingwe cha mendulo, mpaka anachita kudula ndi lezala. Galimoto inanyamuka nthawi ya chakudya chamasana isanakwane, ana akuithamangira mpaka pamjigo.

Kunyumba a Gertrude sananene kuti ndinakuuzani. Anangowaikira madzi osamba n'kukhala nawo pakhonde.

Lachisanu a Kamphinda anapitabe pansi pa mango ndi chitini cha phulusa. Anajambulanso mizere imene mvula inafufuta. Panabwera ana asanu ndi mmodzi. Sabata yotsatira panabwera awiri, ndipo mmodzi anafunsa kuti, "Nanga tikuphunziriranji, poti makina anapita?" Iwo, amene anali ndi yankho la nyengo iliyonse, anangowerama n'kupitiriza kuthira phulusa. Makatoni aja anayamba kuoneka pena paliponse. Ena ankakupizira mphepo m'kalasi, ena ankakhalira pansi ponyowa, ina anaiona itatsekera windo losweka la Sitandade 3.

Lolemba lina, ana ataweruka, Upile anagogoda pakhomo la kalasi. A Kamphinda anali okha, akuchonga makope. Mtsikanayo anagwada pafupi ndi tebulo, n'kutulutsa m'chikwama kanthu kokulunga m'kansalu.

"Ndabweza katundu wa sukulu, aphunzitsi."

"Katundu wanji?"

Upile anamasula kansaluko. M'kati munali pepala la pulasitiki la shuga, lotsukidwa bwino, ndipo m'pepalamo munali tabuleti yake ya katoni.

"Iyi ndi yako, mwana wanga. Sunga. Uziyesererabe kunyumba. Mwina chaka chamawa bungwe lina..." Sanamalize, chifukwa onse awiri ankadziwa kuti chaka chamawa Upile sadzakhala pasukulupo, ndipo iwonso adzakhala akulongedza.

"Kwathu denga likudontha, ingawonongeke. Ndiponso masana ndizithandiza amayi kuluka, mikeka ikufunika yambiri." Anaimirira, n'kuima kaye pakhomo. "Ndinaisamala, aphunzitsi. Kuyambira tsiku lija munati fumbi ndi mdani wa makina, ndinkangodina pamwamba pa pepalalo."

Anapita. A Kamphinda anatulutsa katoniyo m'pepala n'kupita nayo pawindo pamene panali kuwala. Mizere inali yowala monga anaijambulira, ngodya zonse zinayi zili zosongoka, kambuzi kataima pamalo pake. Anaitembenuza uku ndi uku, kufunafuna banga limodzi lokha, la mango kaya la thukuta, losonyeza kuti chala cha mwana chinafikapo. Sanalipeze.